Nati Yadzimbiri ndi Tomato Wakupsa

Kudera lina la ku Ntcheu kunali munthu wina wolima tomato. Anali ndi kagalimoto kakale, kaotomatiki, kamene ankanyamulira madengu kupita nawo kumsika ku Limbe. Munthuyu sanali woipa ayi. Vuto lake linali limodzi: sankatha kudikira. Tiyi ankamwa ali chiimire, ndipo lilime lake linkakhala lopsa chaka chonse.

Tsiku lina rediyeta ya galimotoyo, ija yoziziritsa injini, inayamba kudontha, iye n'kugula yatsopano. M'mawa mwake anayamba wathyola tomato, kudzaza madengu, kenako ndiye n'kutsekula boneti. Mumtima ankati ndi kantchito kochepa.

Anakhetsa madzi, anamasula mapaipi akuluakulu a labala, zonse zinayenda bwino. Koma kunsi kwa rediyeta yotere kuli timapaipi tiwiri tachitsulo, tochepa ngati chala, timene timabweretsa oyilo wa giyabokosi kuti adzazizire. Timapaipito timamangidwa ndi manati. Manatiwo anali atagwirana ndi dzimbiri, chifukwa matope a mvula zonse zimene galimotoyo inadutsamo ankathera pamenepo.

Anaika sipanala, anakoka. Nati osasuntha.

Musaganize kuti sankadziwa chochita. Ankadziwa bwino lomwe. Anatenga palafini, anathira pa manati onse awiri, anagogodapo pang'ono kuti alowerere. Chinatsala n'chimodzi basi, chija chimene sankachitha.

Anakhala pa njerwa. Anadzuka. Anapita kukasuzumira m'madengu, anafinya tomato mmodzi, anaona ngati wayamba kufewa. Anayang'ana dzuwa. Anabwerera kugalimoto, anayesa nati. Osasuntha. Anazungulira nyumba, anakalipira nkhuku zosalakwa, anabwereranso.

Mkazi wake anati, "Bambo a Tiyese, khalani pansi palafiniyo alowe. Tomatoyu ndamufunditsa masamba a nthochi, sawonongeka lero."

Iye anati, "Alowa liti? Kodi msika ukundidikira ine?"

Anatola chitsulo chachitali chabowo, n'kuchilowetsa ku mchira wa sipanala kuti mphamvu zichuluke. Anaponda pa tayala, analuma mano, anakoka. Ndipo chinatembenuka! Anakuwa kuti, "Mwaonatu! Zimafuna mwamuna izi!"

Abale anga, sinali nati yokha imene inkatembenuka. Nati inali chigwirire paipi, ndiye paipiyo ndi imene inkapotokoka ngati nsalu yofinyidwa. Anakokanso kachiwiri. Phwa! Kapaipi kanaduka. Oyilo wofiira anayamba kutsikira m'dothi, iye akungoyang'ana, sipanala ili m'manja.

Rediyeta yatsopano inali pomwepo pakhonde, yonyezimira, koma inalibenso ntchito tsiku limenelo. Kapaipi kotero sikapezeka pamsika wakumudzi. Anaimba foni uku, anaimba uko, onse ankati afunse m'tauni. Anakhala pa njerwa ija tsopano, atagwira mutu, ndipo sanadzukenso mpaka dzuwa linapendeka. Kudikira kumene anakana m'mawa anakuchita masana onse, koma kopanda phindu.

Kenako anati bola achotse rediyeta yakaleyo. Anagwada, anaika sipanala pa nati yachiwiri, ija imene inakhala m'palafini tsiku lonse osakhudzidwa. Sanakoke n'komwe. Inangotembenuka, mwakachetechete, ndipo anaimalizitsa ndi zala.

Munthu uja analira. Pamene kapaipi kanafika kuchokera m'tauni patapita masiku, tomato yense anali atatayidwa kuseri kwa khola.

Nkhaniyi ndakusimbirani chifukwa chiyani? Chifukwa ena a inu Mulungu wakupatsani mtima watsopano, ndipo ndikukondwera nanu. Koma mtima watsopanowo uyenera kulumikizidwa ku anthu akale omwe aja. Iweyo uli ndi mkazi amene wakhala ukumunyoza zaka zambiri. Uli ndi mchimwene wako amene simulonjerana chichitikireni maliro a mayi anu. Uli ndi mwana amene anasiya kukuyang'ana m'maso. Pamenepo pali dzimbiri, ndipo linabwera ndi mvula zambiri.

Ndiye iwe watembenuka mtima Lamulungu, Lolemba wapepesa, Lachiwiri wayamba kale kukwiya kuti, "Kodi sindinapepese? Ukufunanso chiyani?" Ukatero watola chitsulo chachitali chija. Ukamuitanira akulu a mpingo, ukamuwerengera mavesi mokalipa, mpaka munthu uja anena kuti, "Chabwino, ndakukhululukirani." Iwe n'kumasangalala kuti chatembenuka, osadziwa kuti ukupotokola mtima wa munthu, ndipo watsala pang'ono kuduka.

Ndikudziwa kuti mtima uli m'mwamba, ukuona ngati nthawi ikutha. Komabe thira mafuta. Pepesa, pemphera, lankhula mofatsa, chita zabwino mawa ndi mkuja osafunsa kuti zafika pati. Kenako chotsapo dzanja. Kulowerera m'dzimbiri si ntchito yako, ndi ntchito ya Mzimu wa Mulungu. Iweyo yako ndi kuthira, n'kukhala pansi, osathyola munthu amene ukufuna kuti abwerere kwa iwe.