Mlimi Amene Anapalira M'thanki ya Mwana Wake

Panali mlimi wina kumapiri a ku Ntcheu, dzina lake a Zalimba, amene ankadana ndi udzu kuposa tchimo lina lililonse. M'munda mwawo mwa kachewere simunkapezeka ngakhale kachisoso kamodzi. Akaona bonongwe atamera m'mbali mwa njira ya kutchalitchi, ankawerama ali m'suti n'kumuzula. Kumaliro, anzawo ali mkati moimba, iwo ankapezeka atagwada pamanda a munthu wosamudziwa, akupalira ndi zala. Anthu ankawaseka, koma nthawi yokumba mbatata ikafika kusekako kunkatha, pakuti matumba a a Zalimba ndiwo ankadzaza lole.

Ukalamba unabwera ndi zake. Akazi awo anamwalira, munda anausiya m'manja mwa ana a mlongo wawo, ndipo m'maso munagwa ng'ala. Mwana wawo wamkazi, Mwandida, anawatengera kwake ku Blantyre kuti madokotala akachotse ng'alayo.

Mwandidayu anali mwana wa ng'ona, wosakulira dziwe limodzi. Anakaphunzira ku Dar es Salaam, anaona nyanja yamchere, ndipo anabwerako ndi chikondi chimene kwawo kunalibe amene ankachimvetsa. Pabalaza pa nyumba yake ya lendi anaika thanki yagalasi, yosaposa katoni ya sopo kukula kwake. Madzi ake anali amchere, koma mchere wake wapadera, osati wothira m'ndiwo. Pamwamba panali getsi labuluu, pakona kapampu kozunguza madzi, pansi batire yodikira magetsi akazima.

M'katimo munali miyala, ndipo pamiyalapo panamatira makorali. Izi ndi zamoyo za m'nyanja yamchere zosayenda, zina zooneka ngati bowa, zina ngati nyanga za gwape, zambiri za mtundu wodera. Zimakula mochedwa kwabasi; chaka chimatha zitangowonjezera kachikhadabo. Pakati pa makoraliwo Mwandida anabzala ndere zam'nyanja, zina zofiira zanthenganthenga, zina zobiriwira. Anazibzala dala, chifukwa n'zokongola, komanso zimayamwa zonyansa za m'madzi kuti makorali akhale bwino. Munalinso tinsomba tiwiri ndi nkhono zonyambita galasi. Zonsezi anayamba ndi tizidutswa, ndipo anazilera zaka zambiri. Akaweruka kuntchito atatopa, ankakhala patsogolo pa thankiyo mpaka mtima utakhala pansi.

A Zalimba atafika, ankangoona chinthu chabuluu chikuwala pakona, n'kumayesa ndi wailesi yakanema imene inawonongeka. Sanadandaule nayo. Chimene chinkawapweteka chinali china. Munthu amene ankadzuka tambala asanalire tsopano ankangokhala pampando, kupatsidwa tiyi, kufunsidwa ngati wamwa mankhwala. Ankalakalaka mwana wawo atawauza tsiku lina kuti, "Bambo, mwandithandiza." Mawu amenewo ankawafuna kuposa diso.

Opaleshoni inayenda bwino, ndipo tsoka linayambira pamenepo. Atachotsa bandeji, a Zalimba anayang'ana pakona paja n'kuona zonse bwinobwino. M'nyumba ya mwana wa Zalimba, pabalaza penipeni, pamalo olandirira alendo, panali thengo.

Poti anali mlendo, anayamba mozungulira, akuloza thankiyo.

"Mwanangu, kakhasu ka m'menemu kalipo?"

Mwandida anaseka mpaka kugwira nthiti. Iye ankayesa kuti bambo ake achira ndipo ayambiranso nthabwala.

Posakhalitsa, akuntchito anamutuma ku Mzuzu kwa masiku angapo. Asananyamuke anawaimika bambo ake patsogolo pa thanki.

"Bambo, madzi akatsika pamzerewu muzithiramo a m'botolo ili. Nsomba muzizipatsa kachakudya kongotsina, kamodzi patsiku. Zina zonse musachite chilichonse."

"Chilichonse?"

"Chilichonse, bambo. Mungoziyang'ana."

A Zalimba anavomera ndi mutu, koma mawuwo anawabaya. Munthu amene anaphunzitsa mudzi wonse kukonza mizere, lero akuuzidwa kuti angoyang'ana.

Anayesetsa kumvera, tisawanamizire. Tsiku loyamba anatembenuza mpando kuti ufulatire thanki. Koma nderezo zinkaonekera pagalasi la kabati, zikuvina m'madzi ngati zikuwaderera. Anakakhala pakhonde, koma zala zinkawayabwa. Kenaka foni inalira. Anali anthu akumudzi kwawo okhala mu Blantyre, a mpingo umodzi, akunena kuti Lamlungu akaweruka kutchalitchi abwera kudzawazonda.

Apa a Zalimba anaona manyazi akubwera poyera. Anthu amenewo adzakhala pabalaza pomwepa. Adzaona thengoli. Nkhani idzafika ku Ntcheu iwo asanafike, yoti Zalimba ankapalira manda a eni, chonsecho mwana wake akuweta udzu m'galasi, n'kuuyatsiranso getsi. Anaganizanso za Mwandida, mwana wogwira ntchito usana wonse, wosowa nthawi. Mwina ankachita manyazi kupempha thandizo. Mwina mawu aja oti musachite chilichonse anali ulemu chabe, monga mwini nyumba amakanizira mlendo kutsuka mbale pamene mumtima akufuna.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anadziuza okha, akupinda malaya.

Anayamba ndi ndere zobiriwira, pakuti zimenezo zinali udzu wosachita kufunsa. Anazizula ndi mizu yomwe, mosamala, monga ankachitira ndi kaufiti. Zofiira zija anayamba azikayikira, koma anakumbukira kuti udzu woipitsitsa ndi umene umadzikongoletsa. Anadzaza mbale yaikulu n'kukataya kudzala. Nkhono anazitola imodziimodzi, chifukwa nkhono m'munda ndi mdani, n'kuziponyera kuseri kwa mpanda. Tinsomba tija tinabisala kuseri kwa mwala, tikuyang'ana.

Madzulo Mwandida anaimba foni.

"Zili bwanji kunyumbako, bambo? Thanki ili bwino?"

"Ili bwino kuposa mmene unaisiyira."

Mwandida anafuna kufunsa tanthauzo la mawuwo. Koma anthu anali kumuitana kumsonkhano, ndipo anangoti chabwino.

Kutacha, a Zalimba anapeza makorali atanyala, atadzikunga ngati nkhuku yodwala chitopa. Monga mlimi, anadziwa kuti mbewu ikanyala pali zifukwa ziwiri: njala kapena matenda a litsiro. Anaganizira za feteleza wobereketsa, ndipo tithokoze kuti thumba linatsala ku Ntcheu. Choncho anasuzumira pafupi ndi diso lawo latsopano lija. Anaona kuti pansonga ya korali imodzi, pamene anaikhula pozula ndere, panatuluka poyera mbee. Nkhani yonse inawamvekera. Zinthuzi n'zoyera mwachibadwa, ndipo mtundu woderawo ndi litsiro la zaka zambiri.

Anamva chisoni ndi mwana wawo. Anatenga beseni, burashi yochapira nsapato ndi madzi apampopi. Sopo sanathiremo, pakuti anali munthu wosamala. Anatulutsa miyala umodziumodzi n'kuikwecha, akuimba nyimbo yamapemphero chapansipansi. Kunatuluka chinthu chonanda choterera, ndi fungo loti ntchentche za m'dera lonselo zinasonkhana, koma iwo anati litsiro likamachoka limanunkha. Atatha anaiyanika padzuwa pakhonde, monga amachitira ndi ufa.

Mwala umodzi wokha unawakanika. Unali waung'ono, womatidwa pakona ya kumbuyo, pansi pa kapampu kaja. Pamwalapo panali kakorali kodera ndi kachitsotso ka ndere zofiira. Anayesa ndi dzanja lamanja, silinalowe. Anayesa lamanzere, linakakamira, ndipo analitulutsa ndi pemphero. Manja a a Zalimba anali manja a khasu, otambalala ngati chipande. Anasiya mokwiya, n'kubwezera miyala yoyera ija mwaluso kuti ibise manyaziwo.

Lamlungu alendo anabwera. Anapemphera, anamwa tiyi, anazungulira thanki. Madzi anali atachita mbuu pang'ono, koma miyala inkawala.

"Koma ndiye zayera," anatero mayi wina wa mvano. "Mwana wanuyu ndi waukhondo."

"Anatengera kwawo," anayankha a Zalimba, akuyang'ana kudenga modzichepetsa.

Tsiku limene Mwandida ankabwera, iwo anavala jekete. Anakhala pampando pafupi ndi thanki, manja ali pamaondo, kudikira mawu aja.

Mwandida analowa, anaika chikwama pansi, anagwada kupereka moni. Akudzuka, maso ake anagwera pakona. Sanakuwe. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pagalasi, n'kukhala pansi pasimenti, nsapato zili kuphazi.

"Waona?" anatero a Zalimba. "Inali ntchito, koma zatheka. Usadandaule zondithokoza."

"Bambo," anatero Mwandida, mawu ali pansi. "Ndere zili kuti?"

"Kudzala. Ndinazula ndi mizu yomwe, sizimeranso."

"Nanga makorali mwawatani?"

"Ndawasambitsa. Anali bii ndi litsiro."

Mwandida anatseka maso. Atatsegula, misozi inali italengeza.

"Silinali litsiro, bambo. Unali mnofu wawo. Zoyerazi ndi mafupa."

A Zalimba anayang'ana miyala ija. Anaiyang'ananso. Kuyera kumene anakunyadira pamaso pa alendo tsopano kunawachititsa manyazi. Anakumbukira chonanda chija, fungo lija, ndi nyimbo imene ankaimba akukwecha. M'moyo wawo wonse anali asanaphepo mbewu ya munthu, ndipo lero anali atapha munda wonse wa mwana wawo, mwakhama, masiku awiri athunthu. Jekete linawalemera.

Mwandida anapinda malaya n'kuyamba kusuntha miyala yakufayo. Atachotsa wapakona, anaima. Pansi pa kapampu, kakorali kaja kanali katatambasula timanja take, kakugwedezeka m'madzi, kali koderabe. Pambali pake kachitsotso kofiira kanali kakuvina.

"Apa simunafikepo?"

"Ndinayesa," anatero a Zalimba mwamanyazi. "Dzanja linakana kulowa."

Mwandida anaseka akulira, mamina ndi misozi pamodzi.

"Mulungu anadziwa pokupatsani manja aakulu, bambo."

A Zalimba sanaseke nawo. Anatsika pampando n'kugwada pambali pa mwana wawo, diso lili pagalasi. Kenaka anachita chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire pankhani ya ulimi. Anafunsa.

"Mwanangu, tandiuza. Muno udzu unali uti?"

"Munalibe udzu, bambo. Zonse ndinabzala ndekha."

Mkuluyo anayang'ana manja ake.

Mwandida sanawabweze kumudzi, ngakhale iwo anali atayamba kale kulongedza chikwama. Anasintha madzi, anataya mafupa aja, n'kuyambanso ndi kamwala kamodziko. Bambo ake anawapatsa ntchito yomwe ija: kuthira madzi a m'botolo, kutsina chakudya cha nsomba, ndi kuyang'ana. Anthu amene anawaona masiku amenewo amati a Zalimba ankakhala patsogolo pa thanki atakhalira manja awo onse awiri, kuopa kuti angawathawe. Ndere zofiira zitayamba kuphuka nthambi zatsopano, thukuta linkawatuluka pamphumi, koma sanasunthe. Ndipo m'mawa wina, Mwandida akutuluka kupita kuntchito, anasuzumira m'thanki, anaona kakorali kaja katatulutsa mphukira, n'kutembenukira kwa bambo ake atakhalira manja.

"Bambo, mwandithandiza."

Tsono inu amene mwakhala pano, makamaka ife a imvi, imvani. A Zalimba sanali munthu woipa. Anapha mundawo ndi chikondi, ndi luso, ndi khama, zinthu zomwe zija zimene ankadzazira lole. Ana athu akubzala zinthu zimene ife sitinazionepo, m'mabanja mwawo, m'ntchito zawo, m'maleredwe a ana awo. Si chilichonse chosadziwika kwa inu chimene chili udzu, ndipo si chilichonse choyera chimene chili ndi moyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, osati kuiponyera kuseri kwa mpanda. Musanapinde malaya m'munda wa mwana wanu, funsani chimene anabzala. Apo ayi, chimene chidzapulumuke m'nyumbamo n'chokhacho chimene dzanja lanu linalephera kufikapo.