Tsiku Limene Nyamalikiti Anayenda Chogwada

Nyamalikiti, Njovu ndi Mvuu ndiwo anali akomiti yoona za ngozi m'chigwa cha Kamezambuzi, ndipo mkangano wawo ndi mayi Njiri unabuka chifukwa cha madzi. Boma la nyama linali litalamula kuti chigwa chilichonse chikonze njira yothawira kuphiri, poti mvula ya chaka chimenecho inkaoneka kuti ibwera ndi ukali. Njiri anali ndi mwana dzina lake Kadzinja, kamwana kakafupi zedi, moti kakalowa m'udzu umangoona kansonga ka mchira kali njo. Abale ake a Kadzinja anapita ndi madzi dzinja lapitalo, ndiye mayiyu analumbira kuti uyu yekha mtsinje sumulawa.

Pa msonkhano, Nyamalikiti, amene anali wapampando, anakonza kukhosi. Kukonza kokhako kunatenga nthawi, paja khosilo ndi ulendo. "Abale anga, ntchito tagwira!" iye anatero. "Njira ndayiyenda ndekha. Udzu ndi wam'mapazi, zizindikiro ndamanga pamitengo, ndipo pakhwawa madzi akulekeza m'mawondo basi."

"M'mawondo mwa ndani, a Tcheya?" anafunsa Njiri.

"Mwangamu, nanga mwa ndani?"

"Nanga Kadzinja wanga awoloka bwanji?"

Mvuu anaseka, mimba yake ili gwedegwede. "Mlongo, madzi ndi kunyumba! Mwana akamira amangotseka mphuno n'kumayenda pansi. Tonsefe tinakula choncho." Njovu naye anadzitama kuti kumsasa wa paphiri wapachika chakudya, makungwa ouma, pamwamba penipeni kuti chiswe chisawapeze. Anatinso mlonda wa ana wapezeka kale: Fisi, munthu wamtima wabwino, amene anachita kudzipereka yekha.

Njiri atati ayankhule, Nyamalikiti anamudula. "Khalani pansi, mayi. Aa, mwakhala kale? Pepani, kuchokera kuno kusiyana sikuoneka." Bwalo lonse linafa nacho chiseko. "Inu pitani mukagwade uko muzikafukula mizu, za mapulani tisiyireni ife oona patali."

Njiri sanalire ayi. Anaimika mchira n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo: kwa mayi Nkhanga wa anapiye ambirimbiri, kwa mayi Gwape, kwa mayi Kamba, mpaka kwa mayi Nungu kumene alendo amakhalira patali. Ena ankaopa. "Ife ndani kuti titsutse akuluakulu?" anatero Gwape. Njiri anayankha kuti, "Mantha awo muwasungire madzi, anzanga. Nyamalikiti sanamezepo mwana wa munthu, koma mtsinje uja unameza anga."

Tsiku loyeserera kuthawa linafika, ndipo boma linatumiza Nkhwazi kuti adzaone. Iye anatera pamwamba pa phiri. Njovu analiza lipenga, akuluakulu n'kuuyatsa ulendo, pakhwawa khuvu khuvu, posakhalitsa ali pamwamba akuombana m'manja.

Nkhwazi anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko. "A Tcheya, kodi m'chigwa chino simubereka? Ana ali kuti?"

Nyamalikiti anatembenuza khosi. Kutsidya kwa khwawa amayi onse anali atagwada pakati pa njira, ana awo ali mbwee kumbuyo, Njiri ali patsogolo. Wapampando anatsika phiri liwiro la mtondowadooka. "Mayi inu, mukundichititsa manyazi pamaso pa boma!" ananong'ona mokukuta mano. "Dzukani!"

"Sitidzuka," anatero Njiri. "Munati ntchito yanga ndi kugwada, ndiye ndagwadatu. Gwadani nanunso. Muyende njira yanuyi mutu uli pamene pali mutu wa Kadzinja, kuyambira kumudzi mpaka kumsasa. Mukakafika bwino, ndidzakupepesani pamaso pa chigwa chonse."

"Ine? Kugwada? Ndi ulemu wanga wonsewu?"

"Dzuwa lilipo, a Tcheya," anafuula Nkhwazi ali m'mwamba. "Ine ndidikira."

Abale, kugwada kwa Nyamalikiti! Mwendo uwu unapita kum'mawa, uwo kumadzulo, mawondo ali kwetche kwetche ngati chitseko chakale. Khosi analiyala pansi ngati mtanda wa denga, chibwano chili m'fumbi. Kadzinja anaima pafupi ndi diso lake n'kunena kuti, "Takulandirani kwathu kuno, agogo."

Ulendo unayambika. Atangokwawa pang'ono, Nyamalikiti anakuwa, "Ndani wadzala nkhalango panjira yanga?"

"Ndi udzu wam'mapazi uja," anatero Njiri.

"Nanga zizindikiro zili kuti?"

"Zili kumwamba, zikulondolera mbalame."

Pakhwawa ndiye panali gule. Mutu utangolowa chubwi, madzi anathamangira m'mphuno, wapampando n'kuyetsemula mpaka achule anagwa chagada. "Tsekani mphuno, achimwene, muziyenda pansi!" analangiza Mvuu. "Tseka pakamwa pako iwe!" anatero Nyamalikiti akutsokomola matope. Anafuna kudzuka, koma Njiri anamuponda khutu. "Kadzinja alibe kodzukira. Tiyeni."

Nyamalikiti anafika kumsasa dzuwa litapendeka, ali wefuwefu, njala itamupotokola. Anayang'ana chakudya, n'kuchiona chikulendewera kutali ngati mwezi. Kadzinja anatola khungwa limene linagwa, analiluma, kadzino n'kugwedera. Njovu anakanda mutu ndi chitamba.

Kenaka panatulukira mlonda uja. Masiku onse Nyamalikiti ankangoona msana wa Fisi, ndipo msanawo unkaoneka wofatsa. Lero anaona kukamwa. Mano ali mbee, dovu lili chuchuchu, maso ali pa ntchafu ya Kadzinja. "Ana ndimawakonda ine, bwana," anatero Fisi akumeza malovu. "Makamaka onenepa."

"Choka! Choka pano!" anakuwa Nyamalikiti, ndipo Fisi anathawa mchira uli pakati pa miyendo.

Wapampando anatembenukira kwa Njiri, chibwano chikadali pansi. Kenaka anati, "Mayi Njiri, tiyambire pati?"

M'mawa mwake chigwa chonse chinali pa ntchito, ndipo Njiri anakhala m'komiti. Njovu anagwetsa mitengo ikuluikulu n'kuyala mlatho pakhwawa. Mvuu anagubuduka njira yonse mpaka udzu unagona thasa. Zizindikiro anazitsitsa pansi, miyala yoyera m'mbali mwa njira, ndipo kumsasa anaika zipatso zofewa ndi mizu yanthete pofikira kamwa ya mwana. Mlonda watsopano anakhala mayi Nungu. Chilichonse akamaliza, Njiri ankaitana ana kuti ayese okha, ndipo chikawakanika, ntchito inkabwerezedwa ngakhale akuluakulu ang'ung'udze.

Mvula inabweradi, ya mkokomo, usana dzuwa litabisala. Mtsinje unasefukira, khwawa lija n'kusanduka chilombo chobangula. Ana anathamanga potsata miyala yoyera, anapiye, tiagwape, tiakamba, onse pamlatho tswee. Njiri anaima pakhomo pa mlatho madzi akumumenya m'nthiti, ndipo sanasunthe mpaka mwana womaliza atadutsa.

Ali pafupi kuwoloka, anamva kubuula kumbuyo. Anali Nyamalikiti. Anatsalira poonetsetsa kuti m'mudzi simunatsale munthu, ndiye anaterereka m'matope, mwendo n'kubinya. Kuimirira kunakanika, ndipo mvula inamutseka m'maso.

"Kwawani, a Tcheya, mukudziwa kale!" anafuula Njiri. "Kadzinja, imika mchira!"

Kamchira kanaima njo patsogolo. Nyamalikiti anakwawa pokatsata, panjira ya ana, pamlatho wa ana, mpaka pamwamba pa phiri. Kumeneko anagona thapsa, ndipo Kadzinja anamukankhira chipatso chofewa pakamwa. Njiri ananunkhiza mwana wake kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ali wonyowa koma wamoyo, n'kugwada pansi kuyamba kudya.

M'chigwa cha Kamezambuzi simunatayike mwana ngakhale mmodzi chaka chimenecho. Ndipo mpaka lero mukaona Nyamalikiti pamadzi atatangadza miyendo, mutu uli pansi, musamuseke. Amakhala akuyeza ngati mwana angawoloke.

Phunziro: Pokonzekera ngozi, atsogoleri asayeze njira, chakudya ndi chitetezo ndi msinkhu wawo. Atsike aone ndi maso a mwana, amve amayi ndi anawo, chifukwa njira imene mwana angadutse imapulumutsanso wamkulu.