Mabuku Amene a Liness Anasunga

"Amayi, bwanji mabuku a m'katoni iyi alibe mtengo?" Sophie anafunsa choncho ali Sitandade 6, atalowa ndi mayi ake, a Liness, m'kashopu ka mabuku akale ka a Sankhani pa boma la Mwanza. Anayankha ndi a Sankhani eni ake, kuti katoniyo si yawo, ndi ya makasitomala. Mwana akakhoza Fomu 4, kholo limabweretsa mabuku ake n'kuwasiya mmenemo. Wosowa amatenga, n'kulemba dzina mkati mwa chikuto, akamaliza mayeso n'kubweza. Ngakhale anamwino ndi madalaivala a mathiraki a ku Mozambiki ankagula buku limodzi lapadera n'kuponyamo mwakachetechete.

A Liness ankaudziwa mwambowu, poti mwana wawo woyamba, Kinsley, anakhozera buku la Masamu la m'katoni momwemo. Koma Kinsley atapita ku koleji, mabuku asanu amene anamugulira ndi ndalama za manachesi anawatsekera mu sutikesi n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Ankati thukuta lawo lisathere m'manja mwa ana a eni.

Chaka chimenecho Tiyese, mwana wa a Fyness oyandikana nawo nyumba, anali Fomu 4, mtima wonse uli pa unamwino. Buku la Bayoloje m'katoni linali litatengedwa kale. A Fyness anabwera, nakhala pakhonde, nazungulira nkhani za mvula ndi feteleza, kenako anapempha kuti Tiyese abwereke la Kinsley miyezi itatu yokha.

"Pepani anzanga, ndikusungira Sophie."

"Sophie wake wa Sitandade 6 yu? Pomadzafika iye si bukulo lidzakhala litamera imvi?"

Anaseka onse awiri, koma sutikesi sinatsegulidwe.

Tiyese anawerenga manotsi okopera kwa anzake, ena oduka mutu. Zotsatira zitatuluka, maphunziro ena anakhoza bwino, koma Bayoloje inamugwetsa, khomo la unamwino n'kutsekeka. Palibe angalumbire kuti buku limodzi likanamupulumutsa, koma sanapatsidwe mpata woyesa. Anakwatiwa ku Thambani, banja silinayende, anabwerera kwa mayi ake ndi mwana kumsana.

Patatha zaka zisanu Sophie analowa Fomu 3. A Liness anakoka sutikesi ija monyadira, koma atatsegula anapeza dothi lokhalokha. Chiswe chinaboola pansi kalekale, chinadya masamba onse n'kusiya zikuto zopanda kanthu.

Anapita kwa a Sankhani akukoka miyendo. Akufunsa mtengo wa la Bayoloje ndi mawu otsika, mayi wina wosawadziwa, amene ankasankha mabuku chapafupi, anapisa m'katoni n'kuwaika buku m'manja. Anati mwana wake walibweza sabata yatha, alitenge basi. Linali lothaitha, lomatamata ndi selotepi, mkati mwa chikuto muli mayina asanu ndi awiri. Buku loyendayenda linali lidakali moyo, pamene awo ogona pabwino anasanduka chulu.

Atafika kumudzi sanalowe m'nyumba mwawo. Analunjika kwa a Fyness, amene ankapeta chimanga pabwalo, nawauza zonse osabisa, mpaka za chiswe. A Fyness sanaseke, sanadzudzulenso. Anangonena kuti Tiyese wakhala akulakalaka kulowa sukulu ya masana kuti akabwereze mayeso, koma iwo amachoka kumunda mochedwa, wotsala ndi mwana palibe.

A Liness anayang'ana buku lija m'manja mwawo. Zaka zisanu za Tiyese sakanazibweza, ndipo apo m'pamene anamvetsa, mochedwa, chimene akulu ankatanthauza ponena kuti kupatsa n'kuika.

"Mayi a Tiyese, mwanayo azitsala kwa ine masana onse, mpaka Tiyese adzalembe. Bukuli aziwerenga ndi Sophie, tsiku kwanu, tsiku kwathu."

"Mukunena zoona?"

"Lolemba ndidzabwera ndekha kudzamutenga, ndi chitenje changa chomuberekera."