Galimoto Ziwiri, Chifuwa Chimodzi

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, m'tauni ina munali mayi wina dzina lake Nasibeko. Ankakhala mumpanda umodzi ndi alongo ake atatu, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, Ulemu, amene ankadwala mphumu.

Pakhomopo panali chigalimoto chakale. M'mawa uliwonse alongowo ankachiliza kuti chitenthe, pansi penipeni pa zenera la mwanayo, utsi wakuda bii uli tolotolo. Ulemu ankadzuka akubanika, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka.

Mlongo wamkulu, Dzinkambani, zinamukwana. Anaitanitsa kunja galimoto yoyendapo kale ya haibulidi, zija zimati kwina ziyendere mafuta, kwina ziyendere batire. Inkatuluka pageti mwakachetechete, utsi osaoneka n'komwe. Atasiya kuliza chakale chija m'mawa, mwana anayamba kugona mpaka kucha, nayambiranso kusewera fulaye ndi anzake. Dzinkambani ndiye analibenso nkhani ina, aliyense wokumana naye ankamva zoti iye wapulumutsa mwana, ndi dziko lomwe.

Wachiwiri, Mwaiwathu, munthu wamakani, anakanitsitsa kugulitsa chakale chija. Ankati kupanga galimoto ina kumagumula mapiri ndi kuipitsa mitsinje ya anthu ena kumene amakumba miyala ya mabatire, ndiye bola kusamala chimene chilipo kale. Anachikankhira kuseri kwa nyumba, koma Loweruka lililonse ankachilizabe kuti injini isafe, Nasibeko akutseka mazenera uku akung'ung'udza.

Wachitatu, Chifuniro, anali makaniko. Batire lalikulu la haibulidi litafooka, poti linali litatumikira kale eni ake oyamba, analichotsa kuti aikemo lina. Anazungulira tauni yonse kufunsa komwe amalandira mabatire akufa, sanapeze. Poopa kuti ana angaliseweretse, analiponya m'dzenje la zinyalala, n'kuthirapo masamba, osauza munthu.

Tsono zathu zija mukuzidziwa. Dzenje likadzaza timatani? Timayatsa! Nasibeko mwini wake anasesa, n'kuyatsa, n'kupita kukachapa. Posakhalitsa kunamveka phuu, batire lija laphulika! Utsi woyera, wolasa kukhosi, unalowa m'nyumba momwe Ulemu ankalemba za kusukulu. Anamupeza ali thapsa pansi, milomo itada, mpweya ukungolowa pang'onopang'ono.

Dzinkambani anathamangira haibulidi yake. Zii. Batire latsopano linali lisanaikidwe. Mwaiwathu anangokhudza kamodzi chakale chija, chinalira pompo, utsi n'kudzaza mpanda wonse. Anathamanga nacho kuchipatala, Nasibeko atamuphimba mwana mphuno ndi chitenje kuti asapume utsi wa galimoto yomwe inkamupulumutsayo.

Ulemu anatsitsimuka. Koma dokotala sanabise mawu. Anati chifuwa chimenechi sichingapirirenso utsi wina, kaya wakuda kaya woyera.

Nasibeko anaitana alongo ake panja pa chipatala, nalanda makiyi a galimoto zonse ziwiri.

"Achimwene, mwanayu ndi mmodzi, ndilibe wina. Galimoto imodzi itsale yoti izimuthamangitsira kuno. Inayo ichoke mwanayu asanatuluke muno."

Dzinkambani anati yake siinatsokomoletsepo mwana ngakhale tsiku limodzi, cholakwa n'cha amene anabisa batire m'dzenje, poti apa n'kuti nkhani ya batireyo itaululika. Mwaiwathu anati pakadapanda chiphakasa chake chimene onse ankachinyoza, bwenzi pano akukhoma bokosi. Nasibeko anamukumbutsa kuti chiphakasa chomwecho n'chimene chinkabanikitsa mwanayo m'mawa uliwonse.

Onse anatembenukira kwa Chifuniro, poti ndiye wodziwa za magalimoto. Iye anaweramitsa mutu, manyazi atamugwira.

"Mlongo, ndikuuzeni zoona. Chakalecho utsi wake sindingauthetse, injini inatha. Haibulidiyo ndikhoza kuidzutsa lero lomwe. Koma batire latsopanoli nalonso lidzafa tsiku lina, ndipo kolitaya sindikudziwabe."

Asanayankhe munthu, namwino anatuluka kudzanena kuti mwana atuluka mawa.

Ndiye inu amene mwakhala mukumvetseranu, musangondiyang'ana. Makiyi awiri aja ali m'manja mwa Nasibeko: galimoto ina imafuka nthawi iliyonse ikalira koma inafikitsa mwana kuchipatala, inayo siifuka koma inasiya m'dzenje chimene chikadamupha. Ulemu akamalowa pageti mawa, apeze galimoto iti?