Nkhokwe Zisanu za Kamtedza

Kalekale, mvula itakana kugwa zaka ziwiri, kunali mkamwini wina dzina lake Kamtedza. Iye ndi mkazi wake Nasimango anadya gaga, anadya mizu, mpaka anaika m'manda mwana wawo woyamba.

Kenako mvula inabwera. Analima, anakolola, anamanga nkhokwe. Analimanso, anakololanso, anamanga ina. Nkhokwe zinakwana zisanu. Koma njala ija sinatuluke mumtima mwa Kamtedza.

Nasimango akapita ndi dengu kunkhokwe, mwamuna amamuimira kutsogolo.

"Bwezani dengulo. Ndife osauka ife."

"Osauka, nkhokwe zisanu?"

"Chaka chamawa mukuchidziwa inu? Ndati bwezani."

Anzawo amadya kawiri, iwo kamodzi. Anzawo amavina pa masika, Kamtedza amangozungulira nkhokwe, nkhope ili ndwii. Mvula ikachedwa, amatukwana. Ikagwa, amati ikokolola munda.

Mwana wawo wachiwiri, Tiyanjane, anayamba kuonda. Tsitsi linafiira, mimba inatupa. Nasimango anazizindikira zimenezo, poti anali ataziona kale.

Mtima unamuwira. Anatola nkhwangwa.

"Woyamba ndinaika chifukwa cha chilala. Uyu ndimuike chifukwa cha inu?"

Kamtedza anamugwira mkono, iye anamukankhira uko. Anatema nkhokwe yoyamba, munatuluka fumbi lokhalokha. Anatema yachiwiri, fumbi. Yachitatu, fumbi. Yachinayi, fumbi.

M'fumbimo munatuluka Nankafumbwe, atanenepa, akuyenda monyada.

"Mwatigumuliranji nyumba, mayi? Bambowa amatisunga bwino. Ana athu sanagonepo ndi njala."

Nasimango anamutswanya ndi chidendene.

Nkhokwe yachisanu inali ndi chimanga cha chaka chomwecho, chisanafumbwe. Anatapa, anakonola, anasinja, anaphikira mwana phala mwamuna akuona. Kamtedza anali atakhala pansi pafumbi paja. Anayang'ana mphikawo, nati, "Ufawo mwachulutsa."

Nasimango anapinda mphasa ya mwamunayo, naiponya pabwalo.

"Pano m'pakwathu. Nyamulani, muzipita kwanu."

Tiyanjane anachira, tsitsi linadanso. Kamtedza anapita kwawo, anakalima, anakakolola, anakamanga nkhokwe zina. Anakalamba akudya kamodzi, anamwalira akunenabe kuti ndi wosauka.

Wamva, mwana iwe? Chilala chinamupweteka munthu uja zaka ziwiri zokha. Zaka zina zonsezo anadzipweteka yekha ndi mantha, napwetekanso mwana wosalakwa. Kusunga nkwabwino, koma usamamane wa m'nyumba mwako lero poopa njala imene sinafike.

Basitu, nthano yangayi yathera pomwepa.