Nyemba Zopserera za a Nankhoma

Panali mayi wina, dzina lake Elube, amene anatenga apongozi ake aamuna kukakhala nawo m'tauni akazi awo, a Nankhoma, atamwalira. Mkuluyo sankadya. Ankayang'ana mbale, kunena zikomo, n'kuikankhira kumbali. Lamba wa buluku anachita kumuboola mabowo ena, ndipo Elube anayamba kuopa kuti maliro achiwiri ali m'njira.

Elubeyo ankakonda kuwerenga timabuku ta nthano za ku Japan. M'nthanozo munthu woferedwa amalowa m'kanyumba kodyera, kulawa chakudya chonga chomwe ankaphika malemu, kulira pang'ono, mtima n'kukhala pansi. Elube anati mankhwala ndi amenewa. Koma iye anakwatiwa m'banjamo a Nankhoma akudwala kale, ndiye za m'manja mwawo sanalaweko.

Anafunsa amayi a kutchalitchi kumudzi. Onse anati, "Malemu aja? Nyemba zawo unkachita kunyambita zala!" Pamaliro paja anthu ananenanso zomwezo. Inu mukudziwa kuti munthu akafa mbiri yake imasamba, ngakhale wakuba nkhuku amasanduka wokonda ziweto. Elube anafunsanso mwamuna wake. Uyo anayang'ana kudenga nati, "Amayi anali ndi kaphikidwe kawokawo."

Elube anavala zilimbe. Lero nyemba za tomato ndi anyezi, mawa zothira tsabola, mkuja za mafuta ochita kuyandama. Ana ananenepa, mwamuna ananenepa, galu yemwe anayamba kusalala. Apongozi okha ankangoti zikomo.

Tsiku lina masana anateleka nyemba n'kukhala pakhonde ndi kabuku kake, kuti aone pamene akulakwitsa. Nthano inamukomera. Anadzidzimuka ndi utsi, madzi ataphwa kalekale. Pothamangira kukhitchini anapeza mkuluyo ali chilili pakhomo, mphuno m'mwamba.

"Nankhoma, zapsereratu izi!" anakuwa mkuluyo asanakumbukire kumene ali.

Elube anagwada, manyazi atamugwira. "Pepani bambo. Ndizitaya, ndiphike zina."

"Mutaye chiyani? Pakulani."

Mkuluyo anamaliza mbale yonse, napempha poto kuti apale za pansi zakudazo. Misozi inkagwera momwemo, uku akuseka.

"Mayi uja sankatha kuphika, apongozi," anatero. "Akateleka nyemba, ulendo kumpanda kukacheza ndi aneba. Ndikadandaula ankati, 'Mudya zomwezo, simunakwatire hotela.' Chimwalirireni, aliyense akundiuza za mayi wina wodziwa kuphika. Ameneyo ine sindimudziwa. Ndasowa wanga uja."

Tsiku limenelo mkuluyo anamuneneza mkazi wake mpaka dzuwa kupendeka, ndipo madzulo anafunsa ngati kwatsala tiyi. Kuyambira pamenepo Elube nthawi zina ankateleka nyemba, n'kukhala dala pakhonde. Ana akakwinya nkhope, agogo awo ndi amene ankayankha: "Mudya zomwezo."

Tsono inu, mukapita kukapepesa anamfedwa, musawalande malemu awo pofuna kuwakometsa. Amene akumulirayo sanali mngelo ayi, anali munthu wopsereza nyemba, ndipo anakondedwa ali choncho. Musiyeni woferedwa amutchule mmene analili, aseke, alire, kenaka mum'patse mbale adye.