Chitsa cha Malaina Pakhomo

Pamudzi wina panali mlimi amene anamanga nyumba ya njerwa zootcha pafupi ndi mtengo wa malaina. Malaina mukuudziwa, abale anga: pamwamba mthunzi wokoma, pansi mizu yosamva. Sipanapite nthawi, khoma la kuchipinda kwa ana linayamba kung'aluka.

Mlimi uja sanachedwe. Ananola nkhwangwa, naitana anzake, nagwetsa mtengowo. Mudzi wonse unamva kugwa kwake, ndipo anthu anamuyamikira. Koma chitsa chinatsala.

Mkazi wake anati, "Bambo, dothi likadali lofewa ndi mvulayi. Kumbani chitsachi, mudule mizu, tichitenthe."

Iye anayankha, "Mayi, mtengo ndagwetsa kale. Chitsa chingatichite chiyani?"

Tisamuseke msanga. Kuzula chitsa si masewera. Umakumba mozungulira, thukuta kamukamu, manja kuchita matuza, ndipo palibe amene amakuombera m'manja. Komanso chitsa chija chinali chokhalapo bwino. Anachisalaza pamwamba ndi kasemasema, chinasanduka mpando wake. Alendo akabwera, iye ankakhala pomwepo, n'kumawafotokozera mmene mtengo uja unatsala pang'ono kumugwetsera nyumba.

Mvula ikagwa, chitsa chinkaphuka. Mphukirazo ankazisiya zikule, kenako n'kuzidula, kumangira khola la nkhuku. "Mwaona, mayi? Chitsa mumadana nachochi chikutithandiza." Mng'alu ukaonekanso pakhoma, ankangomata ndi dothi, n'kupaka laimu.

Anaiwala chinthu chimodzi: chitsa chimene chikuphuka ndi chamoyo, ndipo mizu yake ikuyendabe.

Masana ena mvula ikukhuthuka, khoma lija linagwa. Njerwa zinakwirira mphasa imene ana ankagonapo. Mwayi wake, anawo anali kusukulu. Pochotsa njerwazo, mlimi anapeza muzu wonenepa ngati mwendo wa munthu wamkulu utadutsa pansi pa maziko. Anaulondola ndi khasu, ndipo unakamufikitsa pampando wake uja. Anakhala pansi m'matope, nalira.

Abale anga, fanizoli limandipweteka, chifukwa chitsachi ndimachiona m'makomo mwathu. Munayambana ndi m'bale wanu. Akuluampingo anakukhazikani pansi, munagwirana chanza, ife tinaimba nyimbo. Mtengo unagwa, tonse tinamva. Koma mangawa munawasunga. Mlendo aliyense akabwera, mumakhala pachitsa chanu n'kuyamba: "Ine ndinakhululuka, komatu zimene anandichita munthu uja..." Nkhaniyo imakukomerani. Imakupezetsani okumverani chisoni, imakupatsani chifukwa chosapitira kumaliro kwawo. Lamulungu mumapaka laimu, n'kubwera kuno kutchalitchi mukumwetulira.

Mulungu sanamizidwa ndi laimu. Iye amayang'ana mizu. Kukhululuka kwenikweni ndi ntchito ya khasu: n'kowawa, n'kochedwa, ndipo kumachitika popanda woonerera. Ndi kupita nokha kwa m'bale wanu uja. Ndi kuleka kuibwereza nkhaniyo ngakhale lilime likuyabwa.

Mwina mukuti, "Chitsa changa chalakwira ndani?" Yang'anani ana anu. Akakumana ndi ana a m'bale wanu panjira sapatsana moni, chonsecho mlanduwo sakuudziwa n'komwe. Dzukani pachitsapo, mutenge khasu dothi likadali lofewa, chifukwa muzuwo ukulowera kuchipinda kwa ana.